Manja ambiri sanawapulumutse: mbiri ya ophunzira kupulumutsa anamgumi

Kanema wa anthu akukankhira namgumi m'nyanja sachedwa kuzungulira m'mafoni. Amafika ngakhale kuno ku Kaunda Square mu Lusaka, kutali kwambiri ndi nyanja yamchere, ndipo oonera, kaya ndi pamsika kaya m'minibasi ya mumsewu wa Great East, amagwirizana chimodzi: mutu umodzi susenza denga. Akutanthauza kuti pakangopezeka anthu ambiri a mtima wabwino, chinyamacho chipulumuka basi. Ine ndikukayika. Mbiri ya ntchitoyi ikuonetsa kuti chifundo sichinasowepo. Chimene chakhala chikufika mochedwa, tsoka litagwa kale, ndi maphunziro.

Makedzana namgumi akatsakamira pamchenga, anthu ankaona nyama, mafuta ndi mafupa. Ku Kommetjie, pafupi ndi Cape Town, gulu lalikulu la anamgumi linathera pagombe mu 1928.

Ife a ku Zambia nkhani yopulumutsa nyama zotsekeredwa ndi madzi siyachilendo. Damu la Kariba litatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi a Zambezi anasandutsa zitunda kukhala zilumba, nyama n'kutsalira pamenepo. Ntchito yotchedwa Operation Noah, yomwe kutsidya kwa Zambezi ankaitsogolera Rupert Fothergill, inapulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pofika 1964. Anthuwo ankaphunzirira pantchito pomwepo. Ataona kuti zingwe zikucheka miyendo ya agwape, anayamba kuluka masokosi a nayiloni a azimayi n'kumamangira. Tisaiwale kuti madzi omwewo anasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa cha Gwembe, ndipo dziko lakunja linamva zambiri za nyama kuposa za iwo.

Maphunziro enieni a anthu ongodzipereka pagombe ndi a posachedwa. Ku New Zealand, kumene anamgumi amatsakamira kawirikawiri, bungwe la Project Jonah linayamba mu 1974, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunapangidwa machubu akuluakulu opopa oyandamitsira namgumi. Ku Britain, mliri utapha nyama zambiri zotchedwa seal mu 1988, anthu odziwa kusambira pansi pa madzi anayambitsa British Divers Marine Life Rescue. Bungweli limaphunzitsa munthu wamba tsiku limodzi, ndipo masana ophunzira amalowa m'madzi ndi chidole cha namgumi chachikulu ngati weniweni, chodzazidwa madzi kuti chilemere.

Zimene amaphunzirazo zambiri n'zotsutsana ndi zimene mtima umalamula. Namgumi ndi dolphin si nsomba. Zimapuma mpweya pa bowo la pamwamba pa mutu, choncho wothira ndowa yamadzi pamenepo akuzimiza. Kukoka mchira kungavulaze msana, komanso mchirawo ukakupeza ukuthyola. Pamtunda thupi la namgumi limadzipsinja lokha mpaka ziwalo za m'kati kuwonongeka, ndipo mafuta amene amamufunditsa m'nyanja amamutenthetsa. Wophunzira amauzidwa kumugoneka chafufumimba, kukumba mchenga pansi pa zipsepse, kufunditsa nsalu zonyowa osatseka bowo lija, kuchepetsa phokoso, ndi kudikira madzi adzaze. Madzi akafika samamukankha nthawi yomweyo. Amayamba amugwedeza pang'onopang'ono kuti dzanzi lithe, kenako onse a gulu limodzi amamasulidwa pamodzi, chifukwa womasulidwa yekha amabwerera kumene anzake akulira.

Zonsezi zinaonekera poyera Loweruka pa 30 May 2009, pagombe lomwe lija la Kommetjie. Kutacha, anthu anapeza anamgumi 55 a mtundu wa false killer whale atatsakamira pamchenga. Achibale athu a ku Malawi ndi ku Zimbabwe okhala ku Masiphumelele amalidziwa gombeli, lili pafupi. Uthenga unawanda msanga. Anthu mazanamazana anathamangirako, magalimoto anadzaza msewu, ena anabwera ndi ana kudzaonerera. Ambiri anadziponya m'madzi ozizira a nyengo yachisanu, mafunde ali aukali, aliyense ndi namgumi wake. Kagulu kamodzi kakakankha wina mpaka kuyandama, anthu ankakuwa mokondwa, koma pasanapite nthawi yemweyo ankapezeka watsakamiranso chapatsogolo, kapena mafunde amuponyera pamiyala. Anabweretsa makina okumbira kuti anyamule ena, koma sizinathandize. Ongodzipereka ena anavulala.

Pofika masana anamgumi anali atalefuka, ndipo akatswiri anagamula kuti otsalawo aphedwe kuti asavutikenso. Oposa 40 anawomberedwa, mfuti zikulira anthu ali pomwepo. Amene anakhala m'madzi kuyambira m'mawa, akusisita nyama yomwe ankayesa kuti ikhala ndi moyo, anachoka akulira, ena atakwiya kwambiri.

Mkwiyowo ndimaumvetsa, koma kwa ine cholakwika sichinali kuwomberako. Chinalakwika kalekale, zaka zonse zimene gombe linakhala phee popanda wokonzekera zokwanira. Ophunzitsidwa anali ochepa pakati pa khamu, mawu awo sankamveka, ndipo munthu wobwera ndi chifundo analibe womuuza kuti imani apa, gwirani ichi, icho musakhudze. Nyanja nayonso inali yoipa tsiku limenelo, mwina ngakhale akatswiri okhaokha akanataya ambiri. Koma nyama yokankhidwira m'mafunde kangapo imafika potheratu msanga kuposa yosungidwa bwino pamchenga podikira. Ife a m'makomboni a Lusaka khalidweli tikulidziwa. Madzi akalowa m'nyumba ku Kanyama othandiza sasowa, koma mu July, kuli gwa, ndi angati amene amasonkhana kuphunzira kutulutsa mwana m'madzi?

Zitachitika za 2009, mzinda wa Cape Town unalemba ndondomeko yonena yemwe alamule pagombe ndi momwe khamu liyendetsedwere. Mayeso anafika mu March 2013, anamgumi 19 atatsakamira ku Noordhoek, m'mphepete momwemo. Ulendo uno anthu oonerera anapemphedwa kutalikira, ndipo ena mwa anamgumi omwe ankaoneka amphamvu anakwezedwa pa malole kupita ku Simon's Town kuti akawamasulire kunyanja. Ngakhale zinali choncho, ambiri anafa.

Ku Farewell Spit, ku New Zealand, mu February 2017, anamgumi oposa 400 anapezeka pamchenga m'mawa umodzi, ochuluka atafa kale. Kumeneko ophunzitsidwa ndiwo ankagawa ntchito kwa ongobwera, ndipo madzi atadzaza anthu anagwirana manja m'nyanja kutchinga omasulidwa kuti asabwerere. Ena anapulumuka. Vutoli limafikanso kufupi ndi kwathu kuno: pa zilumba za Bazaruto ku Mozambique, ma dolphin 111 anapezeka atafa mu February 2021.