Mfuti yolira yokha: kuchokera ku gogodela kufikira lero

Pamene Angoni a Maseko, motsogozedwa ndi Chidyaonga, anakhazikika m'munsi mwa phiri la Domwe cha m'ma 1870, ulemerero wa mwamuna unali pa mkondo ndi chishango, zida zimene sizilasa munthu kufikira dzanja la mwini wake litafuna. Koma gogodela wa amalonda a minyanga anali atalowa kale m'dziko, ndipo analowa pamodzi ndi chirombo chimene makolo sanachidziwe, ndicho chida chotha kupha mwini wake asanalamule. Mlenje ankathira wonga kukamwa kwa mfuti, natsendera ndi kamtengo, naimika kanyundo pakatikati kuti kasamenye moto. Koma kamphako kogwira kanyundoko kakaperepeseka, kugwa kumodzi pa mwala kunali kokwana kudzetsa maliro pamudzi, anthu n'kumangoti tsoka silinunkha.

Kutsidya kwa nyanja vuto linali lomwelo. Eni mfuti ya m'chiuno ya Colt ya 1873, imene inali ndi malo a zipolopolo 6, ankaikamo 5 zokha, kuti kanyundo kagone pamalo opanda kanthu. Mu 1911 asilikali a ku America analandira mfuti ya John Browning yokhala ndi maloko awiri, lina la chala chachikulu, lina lomasuka pokhapokha chikhatho chitafumbata chogwirira. Koma Tokarev wa ku Soviet Union anabwerera ku nzeru ya gogodela, yoimika kanyundo pakatikati basi.

Mkangano wa masiku ano unakula mu 1982, pamene Glock wa ku Austria anatulutsa mfuti yopanda loko wakunja, zotchinjiriza zake zitatu zikumasuka zokha chala chikakoka kokhethemulira. Oikonda amati wapolisi wogwidwa ndi mantha aiwala kutsegula loko, naphedwa mfuti ili m'manja. Oikana amati chala cha munthu wamantha yemweyo chimadzikoka chokha, ndiponso chingwe cha malaya chitha kukola kokhethemulirako pobweza mfuti m'chimake. Mu 2017 kampani ya SIG Sauer inayamba kukonzanso mfuti zake za P320 zitapezeka kuti zina zimalira zikagwa pansi, ndipo milandu ya anthu odandaula kuti inawalasa osaikhudza yafika m'makhoti a ku America, ngakhale kampaniyo ikukana. Ine ndiima ndi ofuna loko wooneka ndi maso, pakuti wosula chida sayenera kuyembekeza kuti ochigwira onse adzakhala odekha tsiku la zoopsa.

Komatu kwathu ku Angónia funsoli lili ndi kulemera kwina. Nkhondo ya pachiweniweni itatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri za m'Mozambique sizinapite kwa boma. Zinakulungidwa m'masaka, zina kutsomekedwa m'madenga a udzu, zina kukwiriridwa m'minda, chipolopolo chili m'kati, dzimbiri likudya loko pang'onopang'ono. Mfuti yotere siidziwa mdani, ndipo woipeza angakhale mwana wofuna mazira a nkhuku kapena mayi wokumba mbatata. N'chifukwa chake mu 1995 Ambuye Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu m'Mozambique, potsata masomphenya a mneneri Yesaya a malupanga osulidwa kukhala makasu, anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera, ndipo mfuti zoperekedwazo zinkadulidwadulidwa kuti zisadzalirenso.