Salima si mchenga wokha

Ife a ku Lilongwe tikati "tiyeni kunyanja" timatanthauza Senga Bay. Timanyamuka Loweruka m'mawa, pa boma la Salima osaima n'komwe, tikadya chambo ndi kujambula zithunzi za pa Facebook, Lamulungu ulendo wobwerera. Mbiri ya malowa timangoidutsa ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu.

Komatu dera limeneli linayamba kalekale kulandira alendo. Likulu la Amaravi linali chakummwera kwake, cha ku Mtakataka, ndipo mpaka lero m'boma la Salima muli mfumu yotchedwa Kalonga. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao ochokera kutsidya kwa nyanja, m'dziko lomwe pano ndi Mozambique. Anabwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo Chisilamu chinazika mizu m'midzi yawo. N'chifukwa chake ku Senga Bay, kwa Maganga, mizikiti siisowa. Tamverani dzina la ufumu wa Bibi Kuluunda: "bibi" ndi mawu a Chiswahili, ochokera kugombe la nyanja yamchere.

Apa ndiye pamene otsatsa malo okopa alendo amayamba kutsokomola. Zombo zomwe zinkabweretsa nsaluzo pobwerera zinkanyamula minyanga ya njovu ndi anthu. Jumbe wa ku Nkhotakota, kumpoto kwa Salima, analemera ndi malonda omwewo a akapolo. Ine ndimaona kuti tikamanyadira kusakanikirana kwa mitundu pagombeli, tizinenanso kuti ena anasakanikirana chingwe chili m'khosi.

Chinasintha zinthu kachiwiri ndi njanji. Mu 1935 sitima yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, chaka chomwecho mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa, moti katundu wa ku Beira ankatha kufika padoko la Chipoka n'kukwera sitima ya pamadzi. Thonje linapeza njira, Amwenye anatsegula masitolo, azungu anamanga hotela yawo pamchenga, yomwe lero ndi Sunbird Livingstonia. Kenaka m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula Amwenye kuchoka m'matauni ang'onoang'ono n'kupita m'mizinda ikuluikulu. Njanji inapitirira mpaka ku Lilongwe mu 1979.

Asodzi nawo sanachokere kumodzi. Pakati pa Achewa ndi Ayao mumamva Chitonga cha ku Nkhata Bay, cha anthu omwe anatsata usipa n'kukhazikika. Chimandiwawa n'chakuti malo ogona alendo akamachuluka, mipanda imatsikira mpaka kumadzi, ndipo woyamba kuchepekedwa pokocheza bwato ndi poyanika nsomba ndi msodzi yemweyo amene anagwira chambo chili m'mbale mwathu.

Pachilumba cha Mbenji zinthu n'zosiyana. Kumeneko lamulo ndi la mfumu Makanjira: nyengo ya dzinja chilumba chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa, kaya wachokera kutali bwanji.