Phiri la Moto m'Kalasi la Ana: Mbiri ya Sylvia Ashton-Warner

 Madzulo ano tipita kutali, ku dziko la New Zealand, kuti tikamve za mphunzitsi wina wamkazi amene anapeza njira yakeyake yophunzitsira ana kuŵerenga, ndipo njirayo inaphuka pa fanizo limodzi limene iye anali nalo mumtima.

Pamene ndinali ku koleji ya uphunzitsi tinkamva mafanizo ambiri onena za mwana. Ena ankati mwana ndi dongo loyembekeza woumba, ena ankati ndi pepala loyera losalembedwapo, enanso ankati ndi mtsuko wopanda kanthu woti tithiremo nzeru. Ife tinkalemba izi m'makope ngati zokometsera chabe. Ndinazindikira mochedwa kuti fanizo limene mphunzitsi wavomera ndilo limamuuza chochita akaima kutsogolo kwa ana. Amene akuona mtsuko amathira, ndipo mtsuko ukakana kudzaza amati ndi wobooka.

Sylvia Ashton-Warner anabadwa mu 1908 m'tauni ya Stratford, m'tsinde mwa phiri la Taranaki. Amayi ake anali mphunzitsi wa sukulu zazing'ono za kumidzi, ndipo ndiwo ankadyetsa banja lalikululo popeza abambo ake anali opuwala ndi nyamakazi. Sylvia sanaufune uphunzitsi. Mtima wake unali pa kujambula, kuimba piyano ndi kulemba mabuku, koma umphaŵi unamuloŵetsa m'kalasi. Mu 1932 anakwatiwa ndi mphunzitsi mnzake, Keith Henderson, ndipo mu 1938 aŵiriŵa anapita kukaphunzitsa ana a mtundu wa Amaori, eni nthaka a dzikolo, pa sukulu ya kutali kwambiri yotchedwa Horoera. Kumeneko kusungulumwa kunamudwalitsa maganizo mpaka anakalandira chithandizo ku Wellington. Atachira anaphunzitsa ku Pipiriki, m'mbali mwa mtsinje wa Whanganui, kenaka ku Waiomatatini, ndipo mu 1949 anafika ku Fernhill, pafupi ndi tauni ya Hastings, kumene njira yake inakhwimira. Mwamuna wake ndiye anali mphunzitsi wamkulu, iye ankasamala ana oyamba kumene.

Mabuku oŵerenga a nthaŵi imeneyo, otchedwa Janet and John, anali ochokera ku Britain. Munali ana aŵiri achizungu ovala bwino, a m'nyumba yaudongo, amene sankalira, sankamenyana, sankaopa kanthu. Ana achimaori ankabwereza mau a m'mabukumo sabata ndi sabata koma osawagwira, ndipo ambiri ankangoti ndi ana ogona m'mutu. Sylvia anaona zina. Ana omweŵa akamasimba za ndeu ya dzulo kwawo, kapena za mzukwa umene akuti unaoneka usiku, maso awo ankayaka ndipo mau ankangotuluka osaima. Tsono iye anati maganizo a mwana wa zaka zisanu ali ngati phiri lophulika moto lokhala ndi ziboo ziŵiri. Pa chiboo chimodzi pamatuluka kuwononga, pa chinacho pamatuluka luso lopanga zinthu zatsopano. Moto ndi umodzi womwewo, ndipo chiboo cha luso chikakula, cha kuwononga chimafota. Fanizoli silinali lachilendo kwa munthu wobadwira pa chilumba chimene mapiri ake ena, monga Ruapehu ndi Ngauruhoe, amatulutsadi utsi ndi phulusa.

Nanga munthu wokhulupirira zimenezi amaphunzitsa bwanji? M'maŵa mwana aliyense ankabwera kwa iye payekha, ndipo ankamufunsa liu limene akufuna tsikulo. Mwana akatchula, Sylvia ankalilemba ndi zilembo zazikulu pa kakhadi kolimba, mwanayo n'kulitsata ndi chala, n'kupita nalo kwa anzake, n'kupitanso nalo kunyumba ngati chuma chake. M'maŵa mwake makhadi onse ankakhuthulidwa pamphasa kuti aliyense atole ake. Apa ndi pamene pandigwira mtima: mwana akalephera kuzindikira khadi lake, sankadzudzulidwa. Khadilo linkachotsedwa, chifukwa Sylvia ankati cholakwa si mwana koma liulo, popeza silinachokere pansi pa mtima.

Mau amene ana ankapempha, tikawatembenuza m'Chicheŵa, anali monga amayi, abambo, mzukwa, kupsompsona, mantha, mpeni, apolisi, ndende, moŵa, ndeu. Sylvia anaona kuti ambiri mwa mauŵa ankazungulira zinthu ziŵiri, mantha ndi chilakolako cha chikondi. Mwana amene anakhala nthaŵi yaitali akulephera mau ofeŵa a m'buku ankagwira mau ovuta kulemba atangowaona kamodzi, malinga ngati anali ake. Makhadi akachuluka ana ankayamba kulumikiza ziganizo, kenaka tinkhani ta kwawo, ndipo tinkhanito ndito tinkasanduka mabuku oŵerenga a kalasi lonse. Ngakhale tsiku la sukulu analikonza mwa fanizo la kupuma: nthaŵi yotulutsa mpweya ana ankajambula, kuumba, kuvina ndi kulemba zawo, ndipo nthaŵi yokoka mpweya ankalandira zochokera kwa mphunzitsi.

Ine ndinayesapo pang'ono njirayi ndili pa maphunziro oyeserera, m'kalasi la ana ochuluka zedi moti ena ankakhala pakhomo. Ndinadula katoni ya sopo kukhala makhadi. Sindinathe kufikira ana onse, ndipo ndinasiya patangopita masabata aŵiri n'kubwerera ku ba be bi bo bu. Koma sindiiŵala kamtsikana kena kosayankhula m'kalasi kamene kanandinong'oneza kuti ndikalembere liu lakuti maliro. Ndinalemba, iko kanaligwira tsiku lomwelo, ndipo ine ndinaima osadziŵa chonena. Ku koleji anatiphunzitsa kalembedwe ka pa bolodi, koma sanatiuze chochita mwana akakupatsa chisoni cha kwawo m'manja. Kunena zoona, apa ndi pamene njira ya Sylvia imalemera. Wotsegula chiboo cha phiri ayenera kukhala wokonzeka kumva kutentha.

Sylvia anasiya kuphunzitsa ana pakati pa zaka za m'ma 1950 n'kuyamba kulemba. Buku lake lopeka lotchedwa Spinster, lonena za mphunzitsi wa ana achimaori, linatuluka mu 1958 ndipo linatchuka mpaka ku America anapangako kanema mu 1961. Buku lofotokoza njira yake, Teacher, linatuluka mu 1963, ndipo aphunzitsi ambiri a ku America analilandira ndi manja aŵiri. Mwamuna wake atamwalira mu 1969 iye anapita kunja, nakagwira ntchito pa sukulu ina ku Aspen m'chigawo cha Colorado, kenaka nakaphunzitsa aphunzitsi pa yunivesite ya Simon Fraser ku Canada.

Komatu mbiri siyenera kungoyamika. Sylvia ankakonda kunena kuti dziko lakwawo linamukana, koma Lynley Hood, amene anatulutsa mbiri ya moyo wake mu 1988, anaonetsa kuti nkhaniyo inali yokokomeza, pakuti magazini ya aphunzitsi a ku New Zealand inali itasindikiza kale njira yake mu 1955 ndi 1956. Ankakhulupiriranso kuti kalasi la ana likatsegula chiboo cha luso, nkhondo za m'dziko zingathe kuchepa. Ine pamenepa ndikuona kuti fanizo linamuthamangitsa kupitirira pamene umboni unafika, pakuti anthu ojambula ndi oimba bwino nawonso anamenyapo nkhondo.

Chachikulu koposa ndi ichi. Pafupifupi mau onse a pa makhadi aja anali a Chingerezi. Sukulu za ana achimaori, zimene boma linakhazikitsa ndi lamulo la 1867 ndipo zinakhalapo mpaka 1969, zinali ndi cholinga choloŵetsa anawo m'moyo wa Azungu, ndipo ana ambiri ankalangidwa akayankhula chinenero chawo pasukulu. Sylvia anafuna kumanga mlatho wochoka ku moyo wa mwana kupita ku mabuku, koma mlathowo unkaolokera mbali imodzi. Mwana ankaloledwa kubweretsa mzukwa wa kwawo m'kalasi, malinga autchule m'chinenero cha eni sukulu. Mphunzitsi amene anamvetsa bwino chotere kuti liu loyamba liyenera kuchokera mumtima sanafike pofunsa kuti mtimawo umayankhula chinenero chanji.

Funso limenelo anadzaliyankha ndi Amaori eni ake. Ataona kuti ana oyankhula Chimaori akutha, mu 1982 anatsegula sukulu yoyamba ya mkaka yotchedwa kōhanga reo ku Wainuiomata, pafupi ndi Wellington, m'mene agogo ankalera ana m'chinenero chawo chokha. Dzinalo nalonso ndi fanizo, pakuti limatanthauza chisa cha chinenero. Sylvia anali atabwerera kwawo nthaŵi imeneyo, ndipo anamwalira ku Tauranga mu 1984. Patapita zaka zitatu, mu 1987, nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza Chimaori kukhala chinenero cha boma.