Kasankhidwe ka makina obowolera pofufuza mphamvu ya kutentha kwa pansi pa nthaka

Magetsi ochokera ku kutentha kwa pansi pa nthaka amapangidwa ndi nthunzi yotuluka m'zitsime zakuya. Kubowola ndiko kumadya ndalama zambiri pa ntchitoyi, popeza chitsime chimodzi chimafuna madola mamiliyoni angapo, komanso chikhoza kupezeka chopanda nthunzi. Pa chifukwa ichi, makina amasankhidwa molingana ndi pomwe kafukufuku wafika.

Pachiyambi akatswiri amagwiritsa ntchito makina ang'onoang'ono oyenda pa lole, omwe amabowola mamita mazana ochepa pofuna kuyeza momwe kutentha kukukwerera. Zotsatira zikakhala zolimbikitsa, amabowola zitsime zopapatiza, zosapitirira masentimita 15 m'mimba mwake, n'kutulutsa miyala yokapimidwa. Makina akuluakulu, ofika mamita 2,000 mpaka 3,000, amabwera pomaliza, pamene umboni wakwanira.

Makina okumbira mijigo sayenera pa zitsime zakuyazi. Pansi pamatentha madigiri oposa 200, ndipo nthunzi ikhoza kuphulika mwadzidzidzi, choncho pakamwa pa chitsime pamafunika chipangizo chotseka mwamsanga. Pamafunikanso zoyezera mpweya wakupha wa hydrogen sulphide. Mano obowolera amakhala a chitsulo cha tungsten carbide chifukwa miyala yake ndi yolimba kwambiri. Matope omwe amaziziritsa manowo amalimba akatentha, ndipo amatayika m'ming'alu ya miyala, motero pamakhala nsanja yowaziziritsira ndi makina opopa mpweya wosakaniza ndi madzi. Mapaipi otchingira makoma a chitsime amamatidwa ndi simenti mpaka pamwamba kuti asapindike ndi kutentha.

Kuipa kwa malo nako kumaganiziridwa. Makina akuluakulu amanyamulidwa pa malole ambiri, kotero amafuna misewu ndi milatho yolimba, komanso madzi ochuluka usana ndi usiku.

Funso lina lomwe boma limakumana nalo ndi loti ligule makina kapena lichite ganyu kampani. Dziko la Kenya, lomwe lidayamba kupanga magetsi otere ku Olkaria mu 1981, lidakhazikitsa kampani ya Geothermal Development Company mu 2008, ndipo kampaniyi idagula makina akeake omwe adabowola ku Menengai. Kugula kumapindula pokhapokha pali zitsime zambiri zoti zibowoledwe ndi amisiri ophunzitsidwa bwino, chifukwa makina ongokhala amadyabe ndalama.

Dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chimodzimodzi ndi Kenya, ndipo lili ndi akasupe otentha monga Chiweta ku Rumphi ndi Mawira ku Nkhotakota. Magetsi ake ambiri amadalira mtsinje wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, kufunika kwa njira zina kudaonekeratu. Komabe kasupe wotentha paokha si umboni wa nthunzi yokwanira. Pamalo otere, ndondomeko ya zachuma iyenera kuyambira pa makina ang'onoang'ono ndi zitsime zopapatiza.