Kudziwiratu za ndewu m'mawodi a odwala matenda a maganizo pogwiritsa ntchito kompyuta

Iyi ndi njira imene anamwino ndi madokotala amatsata pofuna kudziwa msanga wodwala wogonekedwa amene angamenye mnzake kapena wachipatala. Odwala matenda a maganizo ambiri sachita ndewu, ndipo ochepa amene amatero kawirikawiri amayamba aonetsa zizindikiro.

Chida chodziwika kwambiri ndi Brøset Violence Checklist, chimene chinakonzedwa ku Norway. Namwino amayang'ana zinthu 6: kubalalika mutu, kupsa mtima msanga, kulongolola mwaphokoso, kuopseza pakamwa, kuopseza ndi manja, ndi kumenya kapena kuponya katundu. Chimene chaoneka amachipatsa 1, chimene palibe 0. Zikapitirira 2, ndiye kuti m'maola 24 akubwerawo pakufunika maso. Ku Australia, James Ogloff ndi Michael Daffern anatulutsa china mu 2006, chotchedwa DASA, cha zizindikiro 7. Zonsezi tsopano zimadzazidwanso pa kompyuta, yomwe imawonkhetsa yokha n'kusonyeza mmene wodwala wasinthira tsiku ndi tsiku.

Mu 2019, Vincent Menger ndi anzake ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, anaphunzitsa kompyuta kuwerenga zimene achipatala amalemba m'mafayilo. Inkalosera ndewu bwino ndithu, koma ataiyesa pa odwala a chipatala china, inkaphonya kwambiri kusiyana ndi kumene inaphunzirira.

Phunziro limeneli likutikhudza. Munthu wa kwa Kadewere akadwala kwambiri amapita naye kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo zikavuta amamutumiza ku Zomba Mental Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1953. Kumeneko zolemba zimakhala m'Chingerezi, pomwe iye wadandaula m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo mbiri yake yambiri ili m'mutu mwa wachibale amene wamuperekeza. Makompyuta si achilendo m'zipatala zathu: a Baobab Health anayamba kuwaika pa Kamuzu Central Hospital mu 2001, kenaka anafala m'makiliniki a ma ARV. Koma pulogalamu yophunzira pa mafayilo a ku Netherlands siyenera kukhulupiriridwa kuno isanayesedwe pa odwala athu. Zinthu 6 za Brøset zija ndizo zosavuta, chifukwa magetsi akazima zimalembedwa papepala.

Choopsa n'chakuti nambala yaikulu ingasanduke chifukwa chomangira munthu kapena kumutsekera yekha. Koma cholinga cha nambalayo n'chakuti namwino afike msanga, alankhule naye modekha, amuchotse paphokoso, afunse ngati wagona kapena wadya, ndipo aonenso mankhwala ake.