Mbiri ya Chithandizo cha Nthenda Yotaya Magazi

Pa Marko 5 timawerenga za mayi amene anataya magazi zaka 12, chuma chake chonse n'kuthera kwa asing'anga. Mavuto otere tidakali nawo. Imodzi mwa nthenda zowayambitsa ndi adenomyosis: khungu la m'kati mwa chiberekero limamera m'minofu yake, choncho chimatupa, ndipo msambo umachuluka ndi kupweteka.

Carl von Rokitansky wa ku Vienna anailongosola mu 1860, ndipo Oskar Frankl anaipatsa dzinali mu 1925. Komabe kwa zaka zambiri madokotala ankaitsimikiza atachotsa kale chiberekero. Taganizani kuwawa kwake kwa mayi wofunabe mwana!

Mpumulo unachokera kutali. Mu 1962, Utako Okamoto ndi amuna awo a Shosuke ku Japan anapeza tranexamic acid, mankhwala oletsa magazi oundana kusungunuka msanga. Mu 1990 dziko la Finland linavomereza lupu ya levonorgestrel, imene imachepetsa kukhuthala kwa khungu lija. Lero sikani imatha kuonetsa nthendayi popanda mpeni, kotero mayi wotsika m'mapiri kupita ku chipatala cha Victoria Chitepo ku Mutare angathe kufunsa za njirazi asanavomere opaleshoni.