Zala za ku Mamelodi

Mamelodi inakhazikitsidwa mu 1953, chaka chomwe boma la tsankho linapanga lamulo la Bantu Education. Ntchito yotayipa m'maofesi a boma ku Pretoria inali makamaka ya azimayi achizungu. Anthu akuda ankangonyamula ziphaso zolembedwa ndi ena. N'chifukwa chake sindichitenga mopepuka ndikaona achinyamata akuno akuphunzira kutayipa osayang'ana pa kiyibodi: zala zakumanzere pa ASDF, zakumanja pa JKL, zamkombaphala zikupapasa timizere totumphuka pa F ndi J.

Njirayi inatchuka mu 1888, Frank McGurrin atapambana mpikisano ku Cincinnati. Komatu makinawo anapangidwira Chingerezi. Ndikamalemba Chichewa, chala chakaniche chakumanja chimatopa ndi m', n' ndi ng', pomwe ŵ palibiretu.